Ulendo wa Beni ndi Magule a Ayao a ku Machinga ndi Balaka

Akuluakulu a ku Machinga ndi ku Balaka akamafotokoza kumene mtundu wawo wa Chiyao unachokera, amaloza kum'mawa, kutsidya kwa nyanja ya Chiuta, m'dziko la Mozambique. Kumeneko, m'chigawo cha Niassa, pakati pa mitsinje ya Lujenda ndi Luchelingo, kuli phiri lotchedwa Yao. Yohanna Abdallah, wansembe wa mpingo wa Anglican yemwe anatumikira zaka zambiri ku Unangu, analemba mbiri imeneyi m'buku la Chiikala cha Wayao lomwe linatuluka mu 1919, ndipo zambiri zimene anamva kwa okalamba a nthawi yake zikumvekabe m'kamwa mwa anthu lero. Anthu atachulukana anabalalika kuchoka paphiripo, gulu lililonse n'kutenga dzina la kumene linakakhala. Ena anakhala Amasaninga, ena Amangoche, ndipo omwe anakhazikika m'mapiri a kufupi ndi Mandimba anatchedwa Amachinga. Boma lomwe kale linkatchedwa Kasupe likuyendera dzina la iwowa.

Kwawoko munthu ankakula ndi ng'oma. Zokolola zikalowa m'nkhokwe, mfumu yokhala ndi mphamvu yoitanitsa chinamwali inkalengeza nthawi ya lupanda, anyamata n'kutengedwa kupita kutchire kukakhala milungu ingapo. Atsikana anali ndi chiputu, ndipo mayi woyembekezera koyamba ankamuvinira litiwo. Pamiyambo yonseyi malangizo ankadutsa m'nyimbo. Mwana ankaphunzira kulemekeza akulu, kusunga chinsinsi, kupirira ululu ndi kudziwa malo ake pamudzi akuimba ndi kuvina, moti akadzaiwala mwambo atakula, ankamukumbutsa ndi nyimbo yomwe ija. Amayi anali ndi likwata, abambo anali ndi masewe, ndipo pamowa okalamba ankadzuka kuvina chindimba. Osunga gule anali woimba ng'oma, wotsogolera nyimbo, ndi mudzi wonse umene unkadziwa povomera.

Ayao analinso anthu a ulendo. Ankasula makasu, ankasenza fodya ndi minyanga ya njovu mpaka ku Kilwa ndi ku chilumba cha Mozambique, n'kubwerako ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Malondawa pambuyo pake anafika pogulitsa anthu, ndipo mafumu ena anakula mphamvu chifukwa cha akapolo. Mbiri yoona singabise zimenezo. Cha pakati pa zaka za m'ma 1800, nkhondo za Alolo ndi Amakua pamodzi ndi njala zinawasuntha Amachinga. Iwo anakankha Amangoche, omwe anatsikira kumadera a Blantyre, Chiradzulu ndi Mulanje, eni akewo n'kudzaza dera la kumtunda kwa mtsinje wa Shire. Kawinga anakhala paphiri la Chikala, Liwonde m'mbali mwa mtsinje, Mponda pamene Shire amatulukira m'nyanja, Malemia cha ku Domasi, pomwe Nsamala ndi Kalembo anakhazikika tsidya limene lero ndi Balaka. Anapezamo Amang'anja ndi Anyanja. Ena anawathamangitsa, ambiri anakwatirana nawo. Amishoni a UMCA atafika ku Magomero mu 1861 anapeza dziko lili pa chipwirikiti chomwechi.

Maulendo a kunyanja ya mchere anabweretsanso Chisilamu. Makanjira anachilandira cha m'ma 1870, mafumu ena n'kutsatira, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mizikiti inali itamera m'midzi yambiri. Chipembedzo chatsopanochi sichinaletse ng'oma kulira. Pamalo a lupanda panabwera jando, pamalo a chiputu panabwera nsondo, ndagala, msasa wa anamwali, inakhalabe kutchire, ngaliba, wodula anyamata, anakhalabe ndi ntchito yake, ndipo anamwali ankaperekezedwabe ndi nyimbo popita ndi pobwera, monga manganje achitira mpaka lero. Mashehe a gulu la Qadiriyya anabwera ndi sikiri. Amuna amaima pamodzi, kuwerama ndi kuweramuka nthawi imodzi, akupuma mwamphamvu kuchokera pansi pa chifuwa, mpaka mpweya wokhawokhawo ndiwo umasunga kayendedwe ka nyimbo popanda ng'oma. Sikiri ankachitika pamaliro, pasadaka ndi paziyala. Asilamu ena, otchedwa a sukuti, anatsutsa ponena kuti maliro aziyenda mwakachetechete, ndipo mkanganowo unagawa mizikiti kwa zaka zambiri. Koma anyamata anamukonda sikiri, ndipo lero amaonekera ngakhale pa zikondwerero za chikhalidwe.

Angerezi analengeza ulamuliro wawo mu 1891, ndipo mtsogoleri wawo Harry Johnston anatha zaka zinayi akulimbana ndi mafumu a Chiyao. Liwonde anagonja, Kawinga anachotsedwa pa Chikala mu 1895, chaka chomwecho chimene Jalasi ndi Makanjira anagonjetsedwa. Njira ya malonda ya kugombe itatsekeka, msonkho wa nyumba utayamba, anyamata omwe anakulira pamfuti ndi paulendo anapeza ntchito yowayenera ku usilikali. Gulu lankhondo limene mu 1902 linakhala mbali ya King's African Rifles, kapena kuti Keyala monga anthu ankanenera, linali ndi likulu lake ku Zomba ndipo linadzaza ndi Ayao ndi Atonga. Ena mwa iwo anakafika ku Somaliland ndi kwa Ashanti, kuzambwe kwa Africa.

Pamene izi zinkachitika, kugombe kuja kumene makolo awo ankapita ndi minyanga kunali kutabuka gule watsopano. Aswahili a ku Lamu, Mombasa, Tanga ndi Pangani anali ndi chizolowezi chakale chokhala ndi magulu awiri m'tawuni imodzi, opikisana kuvina ndi kupeka nyimbo zolasana. M'zaka za m'ma 1890 magulu amenewa anayamba kutengera mabandi a asilikali a Azungu: malipenga, ng'oma yaikulu, perete, mayunifolomu ndi maudindo. Dzina loti beni linachokera ku mabandi omwewo. Ku Mombasa kunali a Kingi ndi a Kilungu. M'dziko lolamulidwa ndi Ajeremani kunali a Marini, omwe ankadziona ngati ochangamuka ndi opeza bwino, ndi a Arinoti, gulu la osauka, obwera ndi osenza katundu. Wolemba mbiri Terence Ranger analondoloza ulendo wonse wa guleyu m'buku lake la mu 1975.

Chinamufikitsa beni kuno ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene makolo athu anaitcha nkhondo ya Chiwaya. Mfuti zinayamba kulira ku Karonga mu September 1914, ndipo pomatha nkhondoyo dziko la Nyasaland linali litapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Mu November 1917 mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, anawoloka mtsinje wa Ruvuma n'kulowa m'Mozambique, m'dziko lomwe lija la makolo a Ayao, ndipo katundu wa omuthamangitsa ankasenzedwa pamutu kuchoka ku Fort Johnston, komwe lero ndi ku Mangochi, kulowera kum'mawa. Ambiri anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi chimfine choopsa cha mu 1918. M'misasa, usiku, opulumukawo ankaona asilikali a kugombe akuvina beni. Pobwerera kwawo anabwera naye. Kumpoto, kwa Atonga, guleyu anasanduka malipenga, kuchigawo cha pakati anasanduka mganda, koma Ayao anasunga dzina lake lenileni.

Amene sanaonepo beni wa kumudzi, wa kwa Kawinga kapena wa ku Ulongwe, sangamvetse chifukwa chake guleyu anagwira mitima msanga chotero. Ng'oma zimayamba zawambidwa pamoto wa udzu mpaka chikopa chitakungika, woimba akuyesa ndi chala kuti amve ngati mawu afika. Amayi amaima chakumbuyo, zitenje zomanga m'chiuno, okonzeka kuvomera nyimbo. Wezulo akalira, amuna amalowa m'bwalo ali pamzere, atavala zakhaki, zipewa, masokosi ofika m'maondo, pachifuwa mamendulo ndi mikanda, wotsogolera ali ndi kandodo m'khwapa. Poyamba amaguba ngati ali pa perete weniweni, nkhope zili gwa, wina osaseka. Kenaka ng'oma zimasintha, thupi lomwe linali chilili lija n'kuyamba kunjenjemera kuyambira m'mapewa kutsika m'chifuwa, mikanda ikugwedezeka, mapazi akupalasa fumbi. Mmodzi amatuluka pamzere, kudzionetsa yekha pakati, kuchita sawatcha kwa mfumu, n'kubwerera pamalo pake nthungululu zikumveka, wina atamufupa kale ndalama. Kugubako n'kwa Mzungu, koma zimene mapewa ndi chiuno zimachita zinachokera ku ndagala ndi ku bwalo la masewe.

Ena amati beni anali kunyogodola Azungu, ena amati kunali kuwasirira. Ine ndimaona chinthu china chachikulu kuposa ziwirizi. Amunawa anali atasenza mitolo ya eni ake mpaka mitu kuyoyoka tsitsi, ndipo ku Keyala munthu wakuda sankaloledwa kukhala ofesala. M'gulu la beni ankasankha okha mfumu yawo, kaputeni wawo, sajeni wawo, ngakhale dokotala ndi namwino wawo. Ankasonkha ndalama zosokera mayunifolomu, ankathandizana pamaliro, ankayenda mtunda wautali kukapikisana ndi gulu la mudzi wina, eni mudziwo n'kuwaphikira. Nyimbo zawo zinkanena za msonkho, za thangata, za mwamuna wotchona, za mkazi wosakhulupirika, za nyakwawa yokondera. Atsamunda ena ndi amishoni ankaliyang'ana gululi ndi diso lokayika, poona anthu akuda ali ndi dongosolo lawolawo. Apa mpamene pagona phunziro la momwe gule amakhalira moyo: beni anakhalitsa chifukwa anali ndi gulu, atsogoleri, thumba la ndalama, nyimbo zatsopano chaka ndi chaka, ndi adani ofunika kuwagonjetsa pabwalo.

Njanji itafika ku Balaka polowera ku Salima mu 1935, ulendo wa kunja unaphweka. Anyamata anapita ku migodi ndi ku mafamu a ku Southern Rhodesia, ku Copperbelt ndi ku Joni, ng'oma ili m'mutu. Pa sitalaka ya ogwira ntchito m'migodi ya kopa mu 1935, boma la Northern Rhodesia linaloza chala magulu a mbeni kuti ndiwo ankafalitsa uthenga, ndipo gule wa kumigodiko wotchedwa kalela, yemwe wofufuza Clyde Mitchell analemba za iye mu 1956, ndi m'bale wake wa beni. Ku Zimbabwe zidzukulu za Amalawi otchona zimavinabe guleyu m'makomboni a m'migodi ndi m'matawuni, ndipo zinasunga dzina lakale lija la Arinoti limene kuno kwathu ambiri analiiwala. Nkhondo yachiwiri inaonjezera zake: obwera kuchokera ku Abyssinia, Madagascar ndi Burma anadza ndi mamendulo enieni ndi nkhani zatsopano zoika m'nyimbo.

Ufulu wa mu 1964 unasintha bwalo. Dr Hastings Kamuzu Banda ankakonda magule, ndipo ankanyadira kuti anawabwezera ulemu umene amishoni anawalanda. Pamenepo ananena zoona. Gule amene mphunzitsi wa kumishoni ankamutcha wachikunja anayamba kuvinidwa pasitediyamu ku Blantyre pa 6 July, dziko lonse likumvera pa wailesi ya MBC. Koma mtengo wake unali wowawa. Amayi a mbumba ankatengedwa pamalole, kusiya minda ndi ana, ndipo nyimbo zimene kale zinkadzudzula olamula zinasanduka zotamanda munthu mmodzi. Kudera lino mantha anali owirikiza. Mu February 1965 anthu a Henry Masauko Chipembere, omwe anaukira boma, akuchokera ku Fort Johnston kulowera ku Zomba, anaimitsidwa pa Liwonde chifukwa pantoni inali tsidya lina, ndipo midzi yambiri ya Ayao inakhala yokayikiridwa kwa zaka. Chichewa chitasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, Chiyao chinalibe malo m'kalasi ngakhale pa nkhani za pawailesi. Chinatsalira m'nyumba, mumzikiti, ku ndagala ndi m'nyimbo za gule.

Nthawi yomweyo kunabadwa bwalo lina latsopano. Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri, ndipo mu 1973 Chancellor College inasamukira ku Chirunga, ku Zomba, mtunda wosakwana ola limodzi pagalimoto kuchoka pa Liwonde. Ophunzira oyambawo ambiri anali ana a sukulu za mishoni, oleredwa kutali ndi ng'oma. Ana a Asilamu a ku Kasupe anali ochepa kwambiri, chifukwa kwa zaka zambiri makolo awo ankaopa kuti sukulu za mishoni ziwatembenuzira ana ku Chikhristu. Choncho eni beni ndi manganje anali pafupi ndi koleji, koma m'kalasimo munalibe. Gulu la zisudzo la Travelling Theatre, lomwe linayamba mu 1970, ndi nthambi ya Fine and Performing Arts yomwe inatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndizo zinayamba kufupikitsa mtundawu.

Ntchito imene ndimaiona yofunika koposa inachitikira konkuno. Cha pakati pa zaka za m'ma 1980, ofesi ya zaumoyo wa kumidzi ya pa Liwonde, yothandizidwa ndi bungwe la ku Germany la GTZ, inaitana aphunzitsi ndi ophunzira a ku Chancellor College, ena mwa iwo Chris Kamlongera ndi David Kerr, kuti akathandize kukambirana ndi anthu a ku Mwima ndi ku Mbela nkhani za zitsime, zimbudzi ndi matenda otsegula m'mimba. Ophunzirawo anazindikira msanga kuti sewero lolembera ku Zomba silingayende pansi pa mtengo wa mango. Ankayamba amvetsera, kuphunzira nyimbo za eni mudzi, kulowa nawo m'bwalo, ndipo sewero likafika pa vuto ankaliimitsa n'kufunsa anthu kuti, nanga apa titani? Amayi amene pamsonkhano wa amfumu sakanatsegula pakamwa ankayankha kudzera m'nyimbo. Mwana wa ku yunivesite ndiye anali wophunzira tsiku limenelo, ndipo mayi wosadziwa kulemba dzina lake ndiye ankamukonza akaphonya ng'oma. Mu 1987 boma linakhazikitsa Kwacha Cultural Troupe, yomwe pambuyo pake inakhala gulu la magule la dziko lonse, ndipo mu 1992 Kamlongera, Mike Nambote, Boston Soko ndi Enoch Timpunza Mvula anatulutsa buku la Kubvina, lofotokoza magule a m'Malawi.

Maiko ena anapita patali pa njira imeneyi. Ku Mexico, Amalia Hernández anayambitsa Ballet Folklórico de México mu 1952, natenga magule a m'zigawo zosiyanasiyana kuwaika pansanja ya mumzinda waukulu. Yunivesite ya Guadalajara inakhala ndi gulu lake m'zaka za m'ma 1960 motsogozedwa ndi Rafael Zamarripa, ndipo chakumapeto kwa zaka zomwezo ana a anthu ochokera ku Mexico omwe ankaphunzira m'mayunivesite a ku California anayamba kukhazikitsa magulu awo, pofuna kuti asasowe kwawo ali m'dziko la eni. Magulu otere alipo mpaka lero, ndipo ophunzira amasiyirana madiresi, nsapato ndi kaponyedwe ka mwendo chaka ndi chaka. Komweko kulinso odandaula kuti nsanja imakongoletsa gule mpaka eni ake a kumudzi osamuzindikiranso. Dandaulo limenelo ndi lathunso. Beni wa kumudzi amatha masana onse, nyimbo ikunena munthu amene aliyense pabwalopo akumudziwa. Beni wa pamwambo wa boma kapena wa pakoleji amapatsidwa mphindi zisanu mlendo wolemekezeka asanayankhule, ndipo kawirikawiri ovinawo sadziwa tanthauzo la Chiyao chimene akuimba.

Chaka cha 1994 chinabweretsa Bakili Muluzi, mwana wa kwa Kapoloma ku Machinga, pampando wa pulezidenti, ndipo mu 1996 Chiyao chinayamba kumveka pa nkhani za MBC. Balaka inakhala boma palokha mu 1998. Apa n'kuti tawuniyi itatchuka kale ndi nyimbo za mtundu wina, za Alleluya Band yomwe inayamba mu 1978, za Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius, ndipo achinyamata ambiri anathamangira gitala ndi kiyibodi. Komabe kamvekedwe ka manganje kanalowa m'masitudiyo, moti lero kamavinidwa m'maukwati kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa ndi anthu osadziwa n'komwe kuti ndi nyimbo yoperekezera anamwali. Magule sanachoke pamisonkhano ya ndale. Chinasintha n'chakuti makaka a zipani anachuluka, ndipo ovina anazolowera kulandira kangachepe. Mitundu inayamba kukhazikitsa mabungwe ake, Alhomwe ndi Mulhako wawo, Ayao ndi Chiwanja cha Ayao. Bungwe la UNESCO linazindikira Gule Wamkulu ndi Vimbuza mu 2005, Tchopa mu 2014 ndi Mwinoghe mu 2018, koma beni, amene mbiri yake imalumikiza Kenya, Tanzania, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, sanalowe nawo m'kaundulayo m'zaka zimenezo.

Lero mwana wa ku Ntaja, Nselema kapena Phalula akhoza kukaphunzira za nyimbo ndi magule ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, kapena ku Bingu School of Culture and Heritage ya yunivesite ya MUST ku Thyolo. Ku Domasi ndi ku koleji ya aphunzitsi ya Machinga kumatuluka anthu okaphunzitsa ana, ndipo kupulayimale kuli phunziro la Expressive Arts. Ndimakhulupirira kuti masukulu amenewa ndiwo malo kumene achinyamata a mitundu yonse akukumanirana tsopano, monga agogo awo anakumanirana m'misasa ya Keyala, ndipo gulu la magule la pakoleji likhoza kuchita zimene gulu la beni linkachita: kusankha atsogoleri, kusunga zovala ndi ng'oma, kupeka nyimbo za lero ndi kupikisana ndi koleji ina. Chofunika n'chakuti woimba ng'oma wa kwa Nyambi kapena wa kwa Kalembo aziitanidwa ngati mphunzitsi wolipidwa, dzina lake lizitchulidwa, ndipo zimene ophunzira amajambula pa foni zizibwereranso kumudzi kumene anazitenga.

Kumidziko zinthu zili pawiri. Manganje ali ndi mphamvu zake zonse. Tchuthi chachikulu chikafika, mwezi wa August, woyenda pamsewu wa Liwonde kupita ku Mangochi amakumana ndi chikhamu cha amayi ndi ana, nthambi za mitengo m'manja, akuthamanga ndi kuimba, magalimoto n'kumachepetsa liwiro kuti adutse. Mafumu amalimbikira kuti zinamwali zizitha sukulu zisanatsegulidwe, ndipo makolo ena amayamba apititsa mwana kuchipatala kukadulidwa asanamutumize ku ndagala kukalandira malangizo. Beni ndiye akuvutika. Anyamata oyenera kulowa pamzere ali ku Joni kapena ali pa kabaza, paukwati pamalira masipika, ndipo m'magulu ambiri woimba ng'oma ndi wa imvi. Sukulu ikafuna kukonzekera mpikisano wa magule nthawi zambiri imakabwereka ng'oma kwa munthu wotereyu, ndipo iye amabwera nayo yekha, kuiwamba yekha pamoto kuseri kwa kalasi, n'kukhala nawo anawo mpaka ataweruka.